MCHENGA WA M'THANTHWE UPULUMUTSE MITSINJE YATHU

Aliyense amene amayenda pa msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Zomba amadziwa malo otchedwa Njuli, m'boma la Chiradzulu. Pamenepo phiri linasemedwa mbali imodzi, ndipo m'tsinde mwake muli milu ya miyala yotuwa, malamba oyenda okha ndiponso malole olowa opanda kanthu nkutuluka atalemedwa. Ambiri a ife timangoponyako maso basi ikamadutsa, osadzifunsa kuti kodi thanthwe lalikulu ngati nyumba limasanduka bwanji timiyala tokwana m'dzanja.

Munthu yemweyo akafika mu mzinda, kaya wa Blantyre kaya wa Lilongwe, nasuzumira pansi pa milatho ya Mudi, Lilongwe kapena Lingadzi, amaona zina: amuna ali m'madzi ofika m'mawondo, mafosholo ali m'manja, akuunjika mchenga m'mbali mwa mtsinje kudikira lole. Zomwezo zimachitikanso m'mphepete mwa nyanja ku Salima ndi ku Mangochi.

Ife tikuona kuti nkhani ya ku phiri ndi nkhani ya ku mtsinje ndi imodzi, popeza miyala ndi mchengawo zimakakumana m'maziko a nyumba imodzi. Lero tafuna kufotokozera awerengi athu m'mene makina ophwanya miyala amagwirira ntchito, chifukwa tikukhulupirira kuti makina amene amatipatsa miyala ya kwale angathe kutipatsanso mchenga, ndi kupumulitsako mitsinje yathu imene yakumbidwa mopyola muyeso.

SIMENTI PAYEKHA SAMANGA

Munthu akamakonzekera kumanga, mtima wake umakhala pa mtengo wa simenti, ndipo nzomveka popeza ndiye amadya ndalama zambiri. Koma tikayesa bokosi la konkireti lotalika mita imodzi mbali zonse, tipeza kuti limalemera makilogalamu pafupifupi 2,400. Mwa amenewa, simenti amangotenga makilogalamu 300 kapena kupyola pang'ono, ndiwo matumba asanu ndi limodzi. Mchenga umaposa makilogalamu 700, miyala imaposa makilogalamu 1,000, ndipo otsalawo ndi madzi. Ntchito ya simenti ndi kumata basi. Chimene chimasenza katundu wa nyumba kapena wa mlatho ndi miyala ndi mchenga zimene simentiyo wagwirizanitsa.

Tikayang'ana m'mbuyo, palibe ntchito yaikulu ya chitukuko m'dziko muno imene inatheka popanda miyala yophwanyidwa. Malo opangira magetsi a Nkula, amene anayamba kugwira ntchito mu 1966, anamangidwa ndi konkireti. Njanji yochoka ku Nkaya kupita ku Nayuchi ya 1970, ndi ina yochoka ku Salima imene inafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980, zonse zinagonekedwa pa miyala. Mzinda wa Lilongwe, umene unakhala likulu la dziko mu 1975, unadya miyala ndi mchenga wosawerengeka.

Nthawi imeneyo tinali ochepa. Kalembera wa 1977 anapeza anthu 5.5 miliyoni, pamene wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, ndipo aliyense wa amenewa afuna denga, sukulu, chipatala ndi msewu. Vutoli si lathu tokha. Nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe inalengeza mu 2022 kuti dziko lonse lapansi limagwiritsa ntchito matani 50 biliyoni a mchenga ndi miyala chaka chilichonse, ndi kuti kupatula madzi, palibe chinthu china cha chilengedwe chimene anthu amachitapa kwambiri chotere.

KUCHOKERA KU NYUNDO KUFIKA KU MAKINA

Amayi amene timawaona m'mbali mwa misewu ataphimba nkhope ndi chitenje, akuswa miyala ndi nyundo nkumagulitsa pa wilibala, akugwira ntchito imene kale inkagwiridwa chimodzimodzi ku Ulaya. John Loudon McAdam wa ku Scotland, amene anapatsidwa udindo woyang'anira misewu ya ku Bristol mu 1816, ndiye anaphunzitsa kuti msewu wolimba umafuna miyala ing'onoing'ono ya ngodya, imene imalumana ikapondedwa. Iye analamula kuti mwala usalemere kupyola magalamu pafupifupi 170, ndipo amuna, akazi ndi ana ankakhala pansi m'mbali mwa msewu ndi tinyundo tawo kuswa miyala tsiku lonse.

Zinthu zinasintha kaamba ka Eli Whitney Blake wa mu mzinda wa New Haven ku America. Iye anali m'komiti yoyang'anira ntchito yomanga msewu wa miyala, ndipo ataona kuchedwa ndi kudula kwa ntchito ya manja, anapanga makina okhala ndi nsagwada ziwiri za chitsulo, amene boma la kumeneko linawavomereza kuti ndi luso lake mu 1858. Papita zaka zoposa 160, koma makina oyamba kulandira mwala m'makwale ambiri lero akutsatabe nzeru yomweyo.

ULENDO WA MWALA

Ntchito imayamba ndi kusankha thanthwe, chifukwa si mwala uliwonse umene uli woyenera. Dziko lathu ndi lodala pa nkhani imeneyi, popeza mbali yaikulu ya nthaka yake yakhala pa miyala yakale ndi yolimba, monga ya mitundu ya gneiss ndi granite. Komabe akatswiri amayamba atenga zitsanzo nkukaziyesa. Muyeso wina wodziwika ndi wotchedwa Los Angeles: amaika miyala mu mgolo wa chitsulo pamodzi ndi mipira ya chitsulo, nazunguza mgolowo ka 500, kenaka amayesa kuchuluka kwa miyala imene yanyenyeka. Mwala wofumbutuka msanga sungapirire matayala a malole kapena kulemera kwa sitima.

Thanthwe likavomerezedwa, amachotsa dothi lonse la pamwamba, popeza dothi ndi mdani wa simenti. Kenaka amadula phirilo mwa masitepe, sitepe iliyonse yotalika mamita khumi kapena kupyolapo. Makina obowolera amaboola mabowo akuya m'mizere, motalikirana mofanana, ndipo m'mabowomo amathiramo zophulitsira. Ntchito imeneyi amaigwira ndi munthu yekhayo amene ali ndi chiphaso cha Boma. Mabowo saphulika nthawi imodzi ayi. Amatsatizana mosiyana ndi kamphindi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, kuti mzere woyamba upereke malo kwa wachiwiri, ndiponso kuti nthaka isagwedezeke kwambiri. Wophulitsa waluso amagwetsa miyala ya misinkhu yoti makina angathe kumeza. Wosadziwa amasiya zimiyala zofunika kuswanso, kapena amaulutsa miyala kufika kumene kuli anthu.

Malole akuluakulu amatuta miyalayo nkukaikhuthulira m'chimphika cha chitsulo. Pansi pake pali mipiringidzo yonjenjemera imene imakankha miyala pang'onopang'ono, ndipo dothi ndi tizidutswa tofooka zimagwera m'mipata yake nkupatulidwa. Miyala yotsala imagwera m'kamwa mwa makina a nsagwada aja.

Nsagwada imodzi ndi yokhazikika, inzake imayenda kutsogolo ndi kumbuyo. Mpata wa pakati pake ndi waukulu kumwamba ndi wopanikiza kunsi. Mwala ukafinyidwa umasweka, zidutswa zake zimatsikirako, zimafinyidwanso, mpaka zitachepa moti nkutulukira pansi. Kawirikawiri mwala umatuluka utachepa kanayi kufikira kasanu ndi kamodzi, kotero kuti wa masentimita 60 umatuluka uli wa masentimita 10 kapena 15. Mano a nsagwadazi amapangidwa ndi chitsulo chosakaniza ndi manganese, chimene Robert Hadfield wa ku Sheffield anatulukira mu 1882. Chodabwitsa cha chitsulo chimenechi nchakuti chimanka nchilimba pamwamba pamene chikumenyedwa. Ngakhale zili choncho mano amatha ndithu, ndipo kugula ena kunja ndi chimodzi mwa zinthu zokweza mtengo wa miyala.

Kuchoka apo miyala imakwera lamba. Pamwamba pa lambayo amapachika maginito wamphamvu wotola zitsulo, chifukwa dzino limodzi lothyoka ku fosholo ya makina okumbira lingathe kuononga chigayo chachiwiri ndi kuimitsa ntchito kwa masiku.

Chigayo chachiwirichi tingachifanizire ndi mtondo wovundikira, umene m'kati mwake muli munsi wonenepa kunsi. Munsiwo sukwera ndi kutsika monga wa amayi. Umapendekeka nkumazungulira, kotero kuti mpata wa pakati pa iwo ndi khoma umatsekeka mbali ino pamene ukutseguka mbali inayo. Miyala yogwera mu mpatamo imatswanyidwa kangapo isanafike pansi. Woyendetsa makina angathe kukweza kapena kutsitsa khomalo, ndipo potero amasankha kukula kwa miyala imene akufuna.

Tsono pamabwera ntchito imene mayi aliyense wosinja aidziwa, ndiyo kusefa. Masefa a pa kwale ndi mawaya olimba osanjikizana atatu kapena anayi, opendekeka ndi onjenjemera. Ya pamwamba ili ndi maso akuluakulu, ya pansi ili ndi ang'onoang'ono. Monga momwe mayi amabwezera mu mtondo misere yotsala m'sefa, miyala yokana kupyola sefa ya pamwamba imakwera lamba wina nkubwerera ku chigayo, ndipo imazungulira chotero mpaka itagonja. Msinkhu uliwonse uli ndi lamba wake ndi mulu wake.

Milu imeneyi ili ndi ntchito zosiyana. Miyala ya mamilimita 30 kufika 60 imapita pansi pa njanji, kumene imagwira mapilo a njanji ndi kulola madzi a mvula kudutsa. Ya mamilimita 20, imene amisiri amaitchabe ndi dzina lake la mainchi, ndiyo yodziwika pa konkireti wa maziko, mizati ndi silabu. Ya mamilimita 10 ndi 14 imawazidwa pa phula la msewu. Palinso chisakanizo cha miyala ya misinkhu yonse pamodzi ndi fumbi lake, chimene chimayalidwa ndi kutsenderedwa pansi pa msewu phula lisanathiridwe. Msinkhu umodzi wokha supanga chinthu cholimba. Pamafunika kuti timiyala tating'ono tilowe m'mipata ya ikuluikulu, mchenga ulowe m'mipata ya tating'onoto, ndipo simenti atseke mipata yotsala.

FUMBI SI MCHENGA

Pansi pa sefa yomaliza pamagwa zonse zochepera mamilimita asanu. Kale zimenezi zinkaonedwa ngati zinyalala, ndipo zinkaunjikana milumilu kuseri kwa makwale. Masiku ano oumba mabuloko amazilimbirana, ndipo pa msika zimadziwika ndi dzina loti dasiti. Pano mpamene tikufuna kuti awerengi athu amvetse bwino, chifukwa ambiri amaganiza kuti dasiti ndi mchenga wa makina ndi chinthu chimodzi.

Dasiti ndi zotsalira. Popeza makina aja amaswa mwala poufinya, tizidutswa tambiri timatuluka tophwatalala kapena tosongoka ngati minga ya nsomba. Ndiponso mumakhala ufa wambiri wosalala, wochepera mamilimita 0.075, umene diso silingaone kambewu kake. Mmisiri akasakaniza dasiti wotere ndi simenti amapeza kuti matope ake ngouma ndi okanika kusalaza, ndiye amaonjezera madzi. Madzi ochuluka ndiwo amafooketsa konkireti, pakuti akauma amasiya timabowo m'kati, ndipo khoma limayamba kung'aluka nyumba isanathe chaka.

Mchenga wa makina umachita kupangidwa dala, ndipo umafuna makina ena awiri. Oyamba anatulukiridwa ku New Zealand m'zaka za m'ma 1970 ndi Jim Macdonald ndi Bryan Bartley, ndipo anatchuka ndi dzina loti Barmac. M'kati mwake muli chimbale chozungulira mwa liwiro lalikulu. Timiyala timagwera pakati pa chimbalecho ndipo timaponyedwa kunja ngati mwala wa pa gulaye, pa liwiro loposa mamita 50 pa sekondi, nkukagunda miyala inzake imene yaunjikana m'mbali mwa makinawo. Mwala umaswa mwala unzake. Ngodya zosongoka zimathothoka, tizidutswa tophwatalala timathyoka, ndipo zotuluka zimakhala timibulu ta mbali zofanana. Zimene mtsinje umachita pa zaka zambirimbiri pogubuduza miyala kuchokera ku phiri, makinawa amazichita m'kanthawi kochepa.

Makina achiwiri ndi ochotsa ufa wopyola muyeso. Pali njira ziwiri. Ina ndi yotsuka ndi madzi: mchenga umamira, ufa umayandama nkupita ku maiwe kumene umadikha, ndipo madziwo amagwiritsidwanso ntchito. Inayo ndi ya mphepo, yofanana ndi kupeta: mchenga umagwa kudutsa mu mphepo ya makina imene imaulutsa ufa nkuusonkhanitsa m'matumba. Njira ya mphepoyi ndi yoyenera malo osowa madzi. Sachotsa ufa wonse ayi, popeza wochepa umathandiza kutseka mipata. Nchifukwa chake malamulo a maiko ambiri amalola ufa wochulukirapo mu mchenga wa makina kusiyana ndi wa mu mtsinje, pakuti ufa wa mwala si dongo, koma amaikabe malire.

Mchenga wopangidwa chotere uli ndi ubwino woonekeratu. Mulibe dongo, mizu, mapepala a pulasitiki kapena zonyansa za m'ngalande za mu mzinda. Lole ya lero imafanana ndi ya mawa, kotero kuti injiniya angathe kuwerengera simenti wake mosakayika. Supereweranso m'nyengo ya dzinja pamene mitsinje yadzaza. Ndipo popeza khungu lake ndi lokhakhala, simenti amaugwira kolimba. Koma tinene chilungamo: umavutirapo kusalaza kusiyana ndi wa mu mtsinje, makamaka pa pulasitala, pamene pamafunika wosefedwa mwapadera. Komanso miyala ina ya gneiss ili ndi timamba tonyezimira totchedwa mica, timene tikachuluka mu mchenga timamwa madzi ambiri ndi kufooketsa konkireti. Apa mpamene pali ntchito ya oyesa zinthu, kuti thanthwe loyenera miyala ya msewu lisangotengedwa kuti ndi loyeneranso mchenga.

Womanga nyumba yake, amene alibe injiniya, angathe kudziteteza ndi botolo loonekera m'kati. Athiremo mchenga kufika theka, aonjezere madzi ndi kamchere pang'ono, akhutchumule bwino, nasiye botololo maola atatu. Mchenga udzakhala pansi, matope adzayala pamwamba pake. Ngati matopewo afika gawo limodzi mwa magawo khumi a mchengawo, akatswiri ambiri angaukane, kaya wachokera ku mtsinje kaya ku kwale.

ZIMENE MTSINJE UMATAYA

Ena adzafunsa kuti tivutikirenji ndi makina odula pamene mchenga uli mbwee m'mitsinje, ndipo mvula imabweretsa wina chaka ndi chaka. Yankho nlakuti mtsinje umabweretsa mchenga pa muyeso wake, ndipo pafupi ndi mizinda malole akutapa kuposa muyesowo.

Mchenga ukachotsedwa, pansi pa mtsinje pamatsika. Madzi amayamba kuthamanga ndi kukokolola kumtunda kwa dzenjelo pofuna kulikwirira, ndipo magombe amagumukira m'madzi pamodzi ndi madimba, mitengo, ngakhale nyumba. Mchenga wa mu mtsinje umasunganso madzi m'chilimwe, monga adziwira onse amene anafukulapo kachitsime pa mtsinje wouma. Ukatha, zitsime za m'mbali zimaphwa msanga. Maenje otsala amasanduka misampha ya ana ndi moswanirana udzudzu. Ku nyanja, gombe lokumbidwa limataya malo okocheza mabwato ndi okokera makoka, ndipo mafunde amayandikira nyumba za anthu.

Choopsa koposa ndi milatho. Mizati ya mlatho imadalira mchenga ndi dothi zimene zakwirira maziko ake. Pa 4 March 2001, mlatho wa Hintze Ribeiro pa mtsinje wa Douro ku Portugal unagwa pamene basi ndi magalimoto atatu zinali pamwamba pake, ndipo anthu 59 anafa. Ofufuza anatchula kukumba mchenga kwa zaka zambiri pafupi ndi mlathowo kukhala chimodzi mwa zifukwa zake. Ife kuno tinaona mphamvu ya madzi mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy anakantha Chigawo cha Kumwera, anthu oposa 1,000 nafa kapena kusowa, misewu ndi milatho nkuduka. Madzi otero akadzabweranso, mlatho umene maziko ake afukulidwa kale ndi mafosholo udzakhala woyamba kupita.

Tiyeneranso kukumbukira kuti mu 2018 bungwe la National Construction Industry Council linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha pa nyumba za Boma ndi pa ntchito zikuluzikulu za malonda, pofuna kuteteza mitengo. Cholingacho nchabwino, ndipo tikuchiyamikira. Koma buloko la simenti limafuna mchenga, kotero kuti tikapanda kusamala tidzapulumutsa nkhalango nkupha mitsinje.

Maiko ena anafika kale pa mphambano imeneyi. Ku India, zigawo za Kerala, Karnataka ndi Tamil Nadu zinaika malamulo okhwima pa mchenga wa m'mitsinje, ndipo mchenga wa makina, umene kumeneko amautcha M-sand, unasanduka katundu wamba wa omanga. Kafukufuku wosindikizidwa mu 2024 anaonetsa kuti pofika 2020, pafupifupi magawo anayi mwa asanu a mchenga wogwiritsidwa ntchito ku China anali ochokera ku makina. Ngati maiko omanga kwambiri chotere akukhoza, dziko la mapiri ndi matanthwe ngati lathu lilibe chifukwa chodziwiringulira.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Sitikufuna kunamiza awerengi athu kuti kwale ndi mnansi wabwino nthawi zonse. Fumbi la miyala ya granite ndi gneiss lili ndi silica, amene akalowa m'mapapo satulukanso. Amayambitsa matenda a silicosis, amene alibe mankhwala ochiza, ndipo munthu wodwala matendawa amagwidwa msanga ndi chifuwa chachikulu. Ali pa ngozi ndi ogwira ntchito pa makina, anthu a m'midzi yoyandikana nawo, ndiponso amayi oswa miyala ndi manja aja pamodzi ndi ana amene amawabereka kumbuyo. Njira zopewera nzodziwika ndipo sizodula poyerekeza ndi moyo wa munthu: kuwaza madzi pamene miyala ikugwa ndi m'misewu ya malole, kuphimba malamba ndi masefa, kubowola ndi madzi, ndi kupereka zotchinga mphuno zoyenera m'malo mwa kansalu wamba.

Palinso kugwedezeka kwa nthaka kumene kumang'amba nyumba za anansi, phokoso la usiku, malole oononga misewu ya m'midzi, ndi chidzenje chimene chimatsala mwala ukatha. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu zotere ziyambe zaunikidwa, ndi kuti eni ake afotokoze m'mene adzatetezere anthu ndi malo. Lamulo lolembedwa pa pepala lokha silitsitsa fumbi. Pamafunika oyendera amene amafikadi pa malopo, ndi mafumu amene amalankhulira anthu awo mopanda mantha.

Mtengo nawo ndi nkhani. Makina opanga mchenga amadya magetsi ambiri, ndipo magetsi akazima, dizilo wa jenereta amakweza mtengo wa lole iliyonse. Mchenga ndi katundu wolemera koma wotsika mtengo, kotero kuti ukayenda mtunda wautali, ndalama ya mayendedwe imaposa ya mchengawo. Wa mu mtsinje umaoneka wotchipa kaamba kakuti wokumba salipira gombe logumuka kapena mlatho wofooka. Ngongole imeneyo imagwera tonsefe pambuyo pake, kudzera m'misonkho ndi m'maliro.

Sitikuiwala abale athu amene amadyera fosholo ndi nyundo. Iwo sakumba mtsinje chifukwa chodana nawo, koma chifukwa ana afuna chakudya ndi fizi. Kuwathamangitsa popanda kuwaonetsa kolowera ndi kusamutsa vuto kuchoka pa mlatho uwu kupita pa mlatho uwo. Pali makina ang'onoang'ono ophwanya miyala amene gulu la anthu lingathe kugula pa ngongole, ndipo ntchito youmba mabuloko ingathe kulemba ambiri a iwo.

PEMPHO LATHU

Kwa eni makwale tikuti: musakhutire ndi kugulitsa zotsalira. Ikani makina okonza ndi kupeta mchenga, ndipo muuze wogula zoona za chimene akugula. Thirani madzi pa fumbi, ndipo chenjezani anansi anu nthawi yabwino musanaphulitse.

Kwa a Malawi Bureau of Standards, amene akhala akuyesa katundu wa dziko lino kuyambira 1972, pamodzi ndi sukulu zathu za ukachenjede ndi za ntchito za manja, tikupempha kuti muyeso wa mchenga wa makina ufotokozedwe m'Chichewa chomveka kwa mmisiri wa ku Ndirande ndi wa ku Kawale, ndi kuti achinyamata ophunzira zomangamanga azoloweretsedwe kuugwiritsa ntchito asanatuluke m'kalasi.

Kwa Boma ndi makhonsolo, amene ndiwo ogula aakulu a miyala ndi mchenga, tikuti yambani ndinu. Ntchito za misewu, sukulu ndi zipatala zomangidwa kufupi ndi makwale zizifuna mchenga wa makina, pakuti amalonda amaika ndalama zao pamene aona msika wotsimikizika. Kukumba pafupi ndi milatho ndi m'magombe a nyanja kuletsedwe kotheratu, ndipo malo ololedwa adziwike kwa onse.

Ndipo kwa inu amene mukusunga ndalama pang'onopang'ono kuti mumange nyumba yanu, funsani woyendetsa lole kumene watapa mchenga wake musanamulipire. Mutu umodzi susenza denga. Aliyense wa ife akachita mbali yake, ana athu adzapeza nyumba zolimba, milatho ili chiimire, ndi mitsinje imene ikadali ndi mchenga wofukulamo madzi m'mwezi wa October.